Kuchoka ku Oban kukagona m'mbali mwa Loch Lomond pa motorhome: galasi landidyera dipoziti

Mphwanu_wa_Dwangwa
Abale anga, ndigawireniko nzeru. Sabata yatha tinabwereka motorhome (galimoto yokhala ndi pogona ndi pophikira), ine, mayi akunyumba ndi ana athu awiri. Tinagona masiku awiri ku Oban, ku Scotland, kunyanja ya mchere, ndipo Lachitatu m'mawa tinanyamuka ulendo wa ku nyanja ya Loch Lomond komwe tinasungitsa malo ogona pafupi ndi mudzi wa Luss. Mtunda wake ungopitirira pang'ono makilomita 100, koma unatitengera tsiku lathunthu chifukwa choimaima. Zonse zinali bwino mpaka titadutsa Crianlarich. Msewu wa A82 utayamba kutsata gombe la nyanja, tisanafike ku Tarbet, unachepa zoopsa: kumanzere madzi, kumanja thanthwe. Pa kona ina kunatulukira chibasi cha alendo, ndinangomva kuti phwaa! Galasi la mbali yanga likulendewera pa waya. Basi sinaime. Pobweza galimoto, eni ake adula mapaundi 280 pa dipoziti. Funso langa: wolakwa ndani apa, ndipo ndalamayi ingabwerere?

DalaivalaWakale_M1
Nambala ya basi munailemba?

Mphwanu_wa_Dwangwa
Kulemba ndi dzanja liti, achimwene? Manja onse awiri anali atakakamira chiwongolero, thukuta lili kamukamu.

DalaivalaWakale_M1
Ndiye pepani, ndalama ija yapita. Popanda nambala, popanda kamera ya kutsogolo, kampani ilibe woti imuthamangitse koma inuyo. Chinanso chimene ambiri sitidziwa: kuno lamulo limati ngozi ikawononga katundu, ngakhale galasi lokha, madalaivala onse aime n'kupatsana mayina ndi manambala a galimoto. Ngati simunapatsane, mukanene kupolisi maola 24 asanathe. Mukanatero mukanakhala ndi nambala ya lipoti yoonetsa eni galimoto. Mwina sakanakukhululukirani, koma mukanakhala ndi poyambira kukambirana.

NamwinoWaUsiku
Werenganinso pepala lomwe munasaina. Makampani ambiri obwereketsa magalimotowa amalemba padera za magalasi, matayala ndi denga, ndipo nthawi zambiri inshuwalansi yawo siikhudza zimenezo. Pemphani risiti ya galasi latsopano ndi ya amene analiika. Ngati zonse pamodzi sizikufika 280, akubwezereni zotsalazo. Ine anandichitapo zotere pa vani yosamutsira katundu, nditaumirira risiti anandibwezera theka.

MayiAke_Awiriwo
Moni nonse. Ine ndine "mayi akunyumba" akutchulidwa pamwambapo. Bambowa asakunamizeni kuti manja anali pa chiwongolero. Dzanja limodzi linkaloza phiri la Ben Lomond kutsidya, akuuza ana kuti Mulanje ndi wamtali katatu. Basi ine ndinaiona kalekale, ndinakuwa kawiri.

Kadzidzi77
Hahaha mboni yafika! Mlandu watha, bwalo libalalike.

Mphwanu_wa_Dwangwa
Amayi, nkhani za m'nyumba sitiyanika pabwalo. Komabe za Mulanje sindinaname. Ben Lomond ndi mamita 974, Sapitwa ndi 3,002.

AchimweneAkuPaisley
Cholakwa chachikulu chinachitika m'mawa posankha njira. Ndi chigalimoto chotambalala chotero, kagawo ka pakati pa Inverarnan ndi Tarbet mukanakapewa. Musanafike ku Dalmally pali msewu wa A819 wokhotera kumanja kupita ku Inveraray. Mukatero mumatsata Loch Fyne pa A83, kukwera Rest and Be Thankful, kutsikira ku Arrochar, n'kutulukira pa Tarbet pomwe. Kuchoka pa Tarbet kupita ku Luss msewu ndi wotakasuka, mwana akhoza kugona osadzidzimuka. Ndipo ku Inveraray mukanadyako nsomba m'mbali mwa doko.

Gogo_wa_Maryhill
Iwe wa ku Paisley, usamalangize anthu ngati msewu umenewo ulibe zake. Pa Rest and Be Thankful mvula ikagwa yambiri phiri limagumuka, matope ndi miyala kutsekera msewu. Zikatero magalimoto amawatsitsira ku kamsewu kakale ka asilikali kali m'munsi mwa chigwa, kuyenda mwandondo, mbali imodzi kudikira inzake. Ine ndinakhalapo pamenepo ndi zidzukulu zanga, njala itatipweteka, mabisiketi atatha. Ngakhale dzina lakelo, asilikali omwe anamanga msewuwu zaka za m'ma 1700 anachita kulizokota pamwala atatopa ndi chikweza. Yang'anani kaye za nyengo musanasankhe njira.

AchimweneAkuPaisley
Zoona agogo, koma tsiku lopanda mvula ine ndisankha kumeneko kakhumi.

Gogo_wa_Maryhill
Tsiku lopanda mvula kudera limenelo la Argyll ukadzalipeza udzandiimbire.

Nachisale_Leeds
Ine za galasi zandikwana. Tiuzeni za ulendowo, chifukwa takhala tikuganiza zopita chilimwe chikubwerachi. Munaima pati ndi pati? Ana sanatope?

MayiAke_Awiriwo
Achemwali, lekani ndikufotokozereni ine, chifukwa bambowa akungokumbukira galasi basi.

Tinanyamuka cha m'ma 9, sitima ya ku chilumba cha Mull ikulowa padoko, mbalame za kunyanja zili pokopoko kulimbirana tchipisi za dzulo. Titangoyenda pang'ono tinaima pa Connel. Pali mlatho wachitsulo, ndipo pansi pake madzi a Loch Etive amakumana ndi a nyanja yaikulu. Madzi a m'nyanja akamaphwa, a mu Loch Etive amathamanga kutuluka n'kumachita mathithi pamiyala ya pansi, amati Falls of Lora. Tinapeza akuwinduka ngati mphika wa phala. Mwana wamkulu anafunsa kuti mtsinje umenewu ukupita kuti, bambo ake n'kuyankha kuti pakapita maola angapo utembenuka kubwerera komwe ukuchokera. Sanakhulupirire mpaka pano.

Kenako Taynuilt, kenako msewu umalowa pampata wa mapiri wotchedwa Pass of Brander. Pamenepo dzuwa linabisala, mapiri mbali zonse ali bii, miyala yogumuka ili mbwee kutsetsereka mpaka m'madzi. M'galimoto munangoti zii. Tikutuluka pampatapo, Loch Awe inatseguka kutsogolo kwathu. Tinaima pa tchalitchi cha St Conan's chomwe chili pagombe penipeni, tinalowa, tinakhala pabenchi kanthawi. Ine ndinapemphera, ana ankawerenga mazenera.

Pomwe mtima wanga unatsalira ndi pa Kilchurn, bwinja la nyumba ya mafumu a fuko la Campbell ya zaka za m'ma 1400, kumapeto kwa nyanjayo. Denga kulibe, makoma okha ali njo, nkhosa zikudya msipu mozungulira. Mphepo inali italeka, ndiye bwinjalo linkaoneka kawiri, lina pamtunda lina m'madzi chadodolido. Tinaimika galimoto, ndinayatsa gasi, ndinathira ufa. Kudya nsima ya usipa chitseko chili chotsegula, maso ali pa chinthu chazaka zoposa 500, ana akutsuka m'manja m'kabeseni panja. Mzungu wina wokalamba anali ndi galu wake anafika kudzafunsa kuti fungo limenelo ndi la chiyani. Tinamupatsa mbamu imodzi. Anaidya ndi supuni, koma anamaliza.

Kuchoka apo ndi chigwa chachitali mpaka Tyndrum, komwe tinathira dizilo, kenako Crianlarich, kenako galasi la bambo.

Kadzidzi77
Usipa m'galimoto yobwereka? Achimwene, fufuzani bwino, mwina 280 ija theka ndi ya makatani.

MayiAke_Awiriwo
Musaseke, ndinatha botolo lonse la mankhwala opopera tisanabweze. Ndipo kabelu kochenjeza za utsi kanalira katatu nsima isanapse. Wamng'ono ndiye anali ndi ntchito yokakupiza ndi thaulo.

Injiniya_wa_Nkula
Mwadutsa pa Cruachan osaima? Mwataya chinthu. Mbali ya Loch Awe yomwe munadutsayo, mkati mwa phiri la Ben Cruachan anakumbamo chiphanga n'kuikamo makina opangira magetsi. Anatsegulira mu 1965, chaka chimodzi Nkula wathu asanayambe mu 1966. Kusiyana kwake n'koti Nkula amangodalira mmene Shire akuyendera. Uku anamanga damu pamwamba paphiri: nthawi imene magetsi sakufunika kwambiri amapopa madzi kuchoka mu Loch Awe kukweza kudamu, anthu akayatsa maketulo onse nthawi imodzi amawatsegulira kutsika, makina n'kuzungulira. Ndi batire ya madzi, tingotero. Ukamadutsa pamsewu suona kanthu koma kanyumba ka alendo ndi khomo la ngalande.

Mphwanu_wa_Dwangwa
Chikwangwani tinachiona, koma ana anali atayamba kale nyimbo ya njala.

Mtonga_Weniweni
Ine chondiseketsa n'choti mukuti "nyanja". Loch Lomond ndinakaiona. Munthu uli tsidya lino ukuona nkhosa ya tsidya linalo ikutafuna. Kwathu ku Nkhata Bay timati dziwe limenelo.

AchimweneAkuPaisley
Dziwe la makilomita 36? Pa Britain yense palibe nyanja ya madzi opanda mchere yoposa imeneyi kutambalala, masikweya kilomita 71. Ndipo kumpoto komwe anaswera galasiko ndi yakuya pafupifupi mamita 190.

Mtonga_Weniweni
Yathu ndi masikweya kilomita oposa 29,000, kuya mamita 700. Muike Loch Lomond 400 m'kati mwake, malo atsalabe oti Ilala ikhotere.

Gogo_wa_Maryhill
Popeza mwatchula Ilala, ana inu mukudziwa kuti inabadwira konkuno? Inapangidwa ndi a Yarrow ku Scotstoun, m'mbali mwa mtsinje wa Clyde mu Glasgow muno, mu 1949. Anaitumiza zidutswazidutswa panyanja mpaka ku Mozambique, kenako pa njanji, n'kukailumikiza kwathu, ndipo inayamba kuyenda mu 1951. Tsono mukapita ku Balloch, kumwera kwa Loch Lomond, mukapeza sitima ina yotchedwa Maid of the Loch. Nayonso inapangidwa ku Glasgow, anaiphwasula, kuinyamula pa njanji, kukailumikizanso pagombe, n'kuyamba ntchito mu 1953. Ndi ana a m'mudzi umodzi, a msinkhu umodzi. Ya kunoyi inasiya kunyamula anthu mu 1981, anthu odzipereka akhala akuikonza pang'onopang'ono. Yathu ija yakhala ikusenzabe matumba a usipa, mbuzi ndi malata kupita ku Likoma. Ine ndinaikwera ndili mtsikana kuchoka ku Monkey Bay, ndinasanza usiku wonse mwera utauka.

Mtonga_Weniweni
Agogo mwandigwetsa ulesi wokangana. Koma dziwe ndi dziwe.

Wa_Ndirande_Original
Pepani ndisokoneze. Ine ndikuona ngati tikusekerera zinthu zolakwika. Kubwereka galimoto, dizilo, malo ogona, kuphatikiza 280 ya galasi, ndi matumba angati a feteleza amenewo? Kumudzi anthu akulira, ife kuno tikukagona m'galimoto dala pamene nyumba tili nayo ndipo lendi tikulipira. Za azungu izi tisamangotengera.

NamwinoWaUsiku
Achimwene a ku Ndirande, mawu amenewo ndi omwe atidwalitsa ambiri kuno. Ine ndagwira mashifiti a usiku zaka 9. Mwezi uliwonse ndimatumiza, fizi ya ana a mchemwali wanga ndi ine, maliro akagwa foni yoyamba imalira ndi yanga. Ana anga obadwira kuno ankadziwa msewu wa kusukulu, wa kutchalitchi ndi wa ku sitolo ya Tesco basi. Aphunzitsi akafunsa kuti holide munapita kuti, wanga ankangoti tinali kunyumba, amayi amagona. Tsiku limene anandiuza zimenezo ndinalira m'bafa. Chaka chathachi tinapita masiku atatu okha, ndipo feteleza kumudzi anapitabe. Musamuwerengere mnzanu m'thumba.

Wa_Ndirande_Original
Sindikuwerengera munthu, achemwali. Ndangoti tiziganiza.

MayiAke_Awiriwo
Tinaganiza chaka chathunthu, achimwene, tikuponya m'kachitini. Ndipo apongozi anga ku Dwangwa ndi omwe anayamba kupempha zithunzi pa WhatsApp, n'kumaonetsa mudzi wonse kuti mwana wawo akuyendetsa nyumba.

Nachisale_Leeds
Tibwerere ku Luss. Malo ogonawo anali bwanji? Ndipo n'zoona kuti ku Scotland ukhoza kungoima paliponse n'kugona ulere? Mnzanga wa kuntchito amatero.

AchimweneAkuPaisley
Mnzanuyo akusakaniza. Ufulu woyenda ndi kumanga tenti m'tchire ulipodi, unabwera ndi lamulo la 2003, koma ndi wa munthu wa pansi, wa njinga kapena wa bwato, osati wa galimoto. Kuwonjezera apo, dera la Loch Lomond ndi paki ya boma, ndipo kuyambira 2017 anaika malamulo ake: kuchoka pa 1 Malichi mpaka pa 30 Sepitembala, m'madera ena a m'mbali mwa nyanja umayenera kugona pa kampu kapena kugula chilolezo pa intaneti. Malo ngati Firkin Point ndi Inveruglas amalola ma motorhome a chilolezo, koma ndi ochepa, amatha msanga. Ndi ana, ine ndingati lipirani kampu. Mumapeza polumikiza magetsi, bafa la madzi otentha ndi potayira za m'chimbudzi.

Kadzidzi77
Eya, nkhani imeneyo tisaidumphe. Kathanki ka chimbudzi anakataya ndani?

Mphwanu_wa_Dwangwa
Funso lotsatira chonde.

MayiAke_Awiriwo
Anakataya okha, ndi chilango cha galasi. Anayenda kampu yonse akukoka kathankiko ngati sutikesi ya pa Chileka, akupatsa moni aliyense.

Za malowo achemwali a ku Leeds: tinafika cha m'ma 6, bambo nkhope ili gwaa, galasi titalimanga ndi tepi. Anatipatsa malo oyang'ana kumadzi. Kunali mwezi wa Juni, ndiye dzuwa silinkafuna kulowa, mpaka 10 koloko kunja kuli mbee. Ana anavula nsapato kuthamangira m'madzi, sanathe ndi miniti, anabwerera akulira kuti miyendo yauma. Madzi ake ndi oyera, timiyala ta pansi tikuoneka, koma kuzizira kwake ngati a m'firiji. Zilumba zili ndondondo kumwera, Ben Lomond nsonga yake itafiira ndi dzuwa. Ndinatulutsa mipando, tiyi ali m'manja, ndikuti lero ndiye ndapuma. Mphepo n'kungoleka. Abale inu.

Gogo_wa_Maryhill
Ma midge! Ndimadikira kuti mufike pamenepo.

MayiAke_Awiriwo
Agogo, tizilombo tating'ono ngati fumbi la ufa, koma kuluma kwake! M'tsitsi, m'makutu, m'zikope. Udzudzu uli ndi ulemu, umayamba waimba. Iti timangofika gulu. Anzathu oyandikana nawo anatulutsa maneti ovala kumutu ngati alimi a njuchi, ife tinathawira m'galimoto tiyi n'kumusiya panja. Nyanja yonse ija tinaimalizira pawindo.

Mtonga_Weniweni
Mwaona? Kwathu nkhungu zimatuluka m'nyanja ngati utsi, mtambo wonse, koma siziluma munthu. Timazikola ndi lichero lonyowa, kuziumba, kuphika, ndiwo zatheka. Uku tizilombo timadya anthu, kwathu anthu amadya tizilombo. Ndiye muziti nyanja yabwino ndi iti.

NamwinoWaUsiku
Zimachuluka kuyambira kumapeto kwa Meyi mpaka Sepitembala, makamaka m'mawa ndi madzulo kukakhala bata ndi chinyezi. Kamphepo pang'ono kokha zimalephera kuuluka, ndiye posankha malo musathamangire pansi pa mitengo pobisika. Gulani mankhwala odzola ndi kaneti ka kumutu musananyamuke, manyazi muwasiye ku Leeds.

Watsopano_2024
Funso la mlendo: ndili ndi laisensi ya ku Malawi, ndingabwereke galimoto yotere?

DalaivalaWakale_M1
Laisensi ya kwathu imagwira miyezi 12 kuchokera tsiku limene munakhazikika kuno. Ikatha muyenera kulemba mayeso a kuno, chifukwa Malawi sali pa mndandanda wa mayiko osinthitsa laisensi. A ku Zimbabwe ndi South Africa ali pamndandandawo, n'chifukwa chake anzathu odzera ku Joni savutika. Laisensi wamba ya galimoto yaing'ono imakulolani mpaka makilogalamu 3,500, ndipo ma motorhome ambiri obwereketsa amawapanga kuti asapitirire pamenepo. Koma kampani iliyonse ili ndi zofuna zake pa zaka ndi mtundu wa laisensi, ndiye imbani kaye musanalipire. China: ku Scotland mulingo wa mowa kwa dalaivala ndi wotsika kuposa ku England, anautsitsa mu 2014. Botolo limodzi pa nkhomaliro likhoza kukugwiritsani.

Ndipo kwa a Dwangwa, ulendo wina mukaona basi kapena lole pa kona yopanikiza, imani ndithu. Tsitsani windo, pindani galasi, mumusiye adutse. A kumbuyo aziimba hutala, si iwo olipira. Ine ndayendetsa mathiraki pa Chiweta zaka zambiri, ndipo amene ankafika ku Karonga ndi magalasi onse anali amantha.

Wa_Ndirande_Original
Nanga bwanji osakachita zimenezi kwathu, ndalamazo zikatsale komweko? Msewu wa M5 kuchoka ku Salima, Nkhotakota, Dwangwa kwanu komweko, mpaka Chintheche. Azungu a mathiraki akuluakulu aja amagona ku Kande ndi ku Chitimba chaka ndi chaka.

Mphwanu_wa_Dwangwa
Apa ndiye mwalankhula, achimwene. Ndinakulira makilomita ochepa kuchoka kunyanja, koma sindinagonepo pagombe n'cholinga chongoyang'ana madzi. Kunyanja tinkapita kukagula nsomba ndi kukachapa. Usiku uja ku Luss, ana atagona, ndinakhala pampando wa dalaivala ndikuyang'ana madzi akuda bii, opanda nyali ngakhale imodzi. Ndinadzifunsa kuti asodzi ali kuti. Kwathu nthawi ngati imeneyo nyali za usipa zimakhala ngati tauni yayandama. Ndinawadzutsa mayi kuti ndiwauze, anandiyankha kuti ndigone.

MayiAke_Awiriwo
Inali 1 koloko usiku.

Kadzidzi77
Pa M5 ndiye mukataya zoposa galasi. Maenje ake mungasiyemo ndi kathanki komwe.

Mphwanu_wa_Dwangwa
Ndabwera ndi lipoti. Ndatsatira malangizo a anamwino, ndinalemba imelo kupempha risiti. Ayankha lero masana: galasi ndi kuliika zonse 195, ndipo 85 yotsalayo akuti ndi "kuyeretsa mwapadera chifukwa cha fungo la nsomba". Kadzidzi, pakamwa pako pali ufiti.

Kadzidzi77
Ndinanena ine! Ndiye tigawe mlandu: 195 ya bambo, 85 ya mayi.

MayiAke_Awiriwo
85 imeneyo ndilipira ndi mtima woyera, usipa unakoma. Achemwali a ku Leeds, mukasungitsa malo mundiuze, ndikubwerekani maneti anayi a kumutu. Tinawagula m'mawa mwake ku Luss, tikunyamuka, sanagwirepo ntchito.